Carnitine ndi Mtima Wofooka: Ndalama Zipite Kuti?

Mankhwala akasowa m'zipatala za boma ku Bulawayo, monga Mpilo ndi United Bulawayo Hospitals, odwala mtima amakadzigulira okha ku famasi. Kumeneko ena amakopeka ndi mapiritsi a carnitine, amene amatchuka kuti amalimbitsa mtima. Banja la ndalama zochepa liyenera kusankha mwanzeru.

Carnitine ndi chinthu chimene chimanyamula mafuta kupita nawo m'kati mwa maselo, kumene amasanduka mphamvu. Mtima umadalira kwambiri mafuta amenewa kuti ugunde usana ndi usiku. Chiwindi ndi impso zimapanga carnitine, ndipo wina timamupeza mu nyama yofiira.

Ofufuza apeza kuti m'minofu ya mtima umene wafooka kwambiri, carnitine amakhala wochepa. Komabe zimenezi sizikutanthauza kuti mapiritsi angaubwezeretse mwakale. Malangizo a 2022 a American Heart Association ndi American College of Cardiology salimbikitsa mapiritsi owonjezera zakudya pa matendawa, pokhapokha dokotala atapeza kuti thupi likusowadi chinthucho.

Mankhwala amene ali ndi umboni wakuti amatalikitsa moyo ndi monga enalapril, carvedilol ndi spironolactone, pamene furosemide amachotsa madzi otupitsa miyendo ndi kubanikitsa. Ndalama zikachepa, yambani mwagula amene dokotala wakulemberani. Chepetsani mchere, yezetsani BP kawirikawiri, ndipo mukayamba kubanika mukagona chagada, pitani kuchipatala msanga.