UTOTO WA GALIMOTO UKASUPUKA, MLANDU SI WA DZUWA

Munthu aliyense woima pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe m'mawa, pamene magalimoto akundandana kuchokera ku Old Town kulowera ku City Centre ndi ku Capital Hill, sangalephere kuona chinthu chochititsa manyazi. Galimoto ina chitseko chatuwa ngati mwendo wosadzola mafuta, ina boneti yasupuka ngati njoka yofundula, ina yatuluka matuza m'mbali mwa mawilo ndipo dzimbiri layamba kale kusuzumira. Ambiri mwa magalimoto amenewa si akale ayi. Anagundidwa pang'ono, analowa m'galaja, natuluka akunyezimira ngati atsopano, koma mvula isanagwe kawiri utoto unayamba kugwa makoko.

Mwini galimoto akabwerera kukadandaula, yankho amalipeza lili chikonzere: dzuwa la kuno n'loopsa, misewu ili ndi miyala, ana otsuka magalimoto anakwecha ndi sopo woipa. Yankho limeneli n'lonama, ndipo galimoto yomweyo ndiyo mboni. Dzuwa la Okutobala limaomba denga ndi zitseko zonse mofanana, ndipo mwala wothamangitsidwa ndi lole mumsewu wa M1 susankha pogunda. Nanga n'chifukwa ninji chitseko chimene chinapakidwa utoto ku fakitale ku Japan zaka 15 zapitazo chikadali bwino, pamene chinzake chopopedwa chaka chatha mu mzinda muno chasendeka? Mwala ukagunda utoto wogwira bwino umasiya kachipsera ngati njere ya mapira. Ukagunda utoto wosagwira, khoko lonse limakanganuka.

Zoona zake n'zakuti fakitale ili ndi njira zimene galaja ilibe. Kumeneko thupi lonse la galimoto, likadali chitsulo chokhachokha, limamizidwa m'dziwe la mankhwala oletsa dzimbiri amene amamatizidwa ndi mphamvu ya magetsi, kenaka utoto umawotchedwa m'ng'anjo yotentha madigiri 140 kapena kuposerapo. Utoto wonsewo kuchindikala kwake kumangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, koma umalimba ngati chigoba cha kamba. Galaja singachite zotere, pakuti galimoto yokhala ndi mawaya, mipando ndi mapulasitiki singapirire moto umenewo. Ngakhale galaja yokhala ndi chipinda chopoperamo imatenthetsa kufika madigiri ngati 60 okha, ndipo utoto umapitirira kukhwima kwa milungu ingapo galimoto itatuluka. Palibe munthu wanzeru angayembekezere kuti ntchito ya m'galaja ifanane ndendende ndi ya fakitale. Komabe utoto wopopedwa mwaluso umakhala zaka zambiri, ndipo amisiri odziwa kutero alipo ndithu, ku Area 4, ku Biwi ndi kwina. Kusiyana kwa zaka ndi miyezi kwagona pa ntchito imene mwini galimoto saiona.

Ntchito yake ndi iyi. Chitsulo chopindika chiyenera kuwongoledwa ndi hamala mpaka chibwerere mwakale, ndipo phala lomatira, limene amisiri amalitcha fila, n'longosalazira timaenje totsala, mamilimita ochepa chabe. Mmisiri waulesi sawongola. Amamata fila ngati akuzira nyumba, kuchindikala ngati chala, ndipo popeza chitsulo chimafutukuka masana n'kubwerera usiku mosiyana ndi phalalo, mng'alu suchedwa. Dzimbiri liyenera kupalidwa mpaka chitsulo chiyere. Lophimbidwa limadyabe mkati mwakachetechete. Utoto wakale uyenera kukwechedwa ndi sandipepala kuti watsopano upeze pogwira, mafuta ndi polishi zichotsedwe, pulaima apakidwe ndi kupatsidwa nthawi youma. Mpweya wa m'kompuresa ukakhala ndi madzi, monga zimachitikira m'miyezi ya dzinja ngati thanki sikhetsedwa, madziwo amatsekeredwa pansi pa utoto ndipo ndiwo matuza aja. Tsono onjezerani kupopera pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, m'mwezi wa Sepitembala pamene kamvuluvulu akunyamula fumbi lonse la mzinda!

Pali chinanso. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja zinakwera mtengo kwambiri, ndipo utoto wa magalimoto ndi mankhwala ake oumitsira zili m'gulu limenelo. Mmisiri woona mtima amauza mwini galimoto mtengo weniweni. Wachinyengo amavomera mtengo wotsika, kenaka amachulutsa thina kuti lita imodzi ikwanire pofunika awiri, nachepetsa mankhwala oumitsira. Utoto wotere umanyezimira tsiku lolipira, koma sukhwima konse.

Kunena mosapsatira, eni magalimoto nawonso sangasambe m'manja. Bwana wa ku Area 10 kapena ku Area 43 amene amasiya galimoto Lachinayi nalamula kuti ituluke Loweruka chifukwa cha ukwati wa mphwake, wagula yekha kusupukako. Amene amazungulira magalaja asanu kufunafuna wotchipitsitsa, osafunsa n'komwe kuti pansi pa utoto paikidwa chiyani, walipira mtengo wa fila ndipo fila ndi amene walandira. Oipitsitsa ndi aja ogula magalimoto ochita ngozi, nawamata phala, nawapopera mothamanga kuti akagulitse kwa mphunzitsi kapena namwino amene watenga ngongole ya zaka zitatu. Kumeneko si kulephera luso, n'kuba.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ogwira ntchito m'Boma. Galimoto ya nambala ya MG ikapita kukapopedwa, ndalama zolipira ndi za msonkho, za mlimi wa fodya ku Kasungu ndi mayi wogulitsa tomato mumsika wa Lilongwe. Ofesala amene amasainira kuti ntchito yatheka atangoona kunyezimira pabwalo la ofesi, osapitako pamene galimoto inali pa pulaima, akusainira kuti Boma lidzalipirenso kachiwiri ntchito yomweyo. Ndipo chitseko chimene dzimbiri labowola sichifunanso penti, chimafuna kugula china. Galimoto yake ya iye mwini angailandire motero?

Ena amati palibe kothawira chifukwa ntchito zamanja zilibe lamulo. Si zoona. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ogula mu 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu kapena ntchito yachinyengo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lilipo kuti amisiri aphunzire ndi kuyesedwa. Chovuta n'chakuti wodandaula amafika chimanjamanja, wopanda lisiti, wopanda pepala lililonse, mgwirizano wonse unathera pakamwa pambali pa msewu.

Choncho wopereka galimoto, kaya ndi yake kaya ndi ya Boma, alembetse papepala mtundu wa utoto umene ugwiritsidwe ntchito, masiku a ntchitoyo, ndi miyezi imene galaja ikulonjeza kukonzanso ulere utoto ukasupuka. Apiteko pakati pa ntchito akaone chitsulo chisanaphimbidwe. Mmisiri wodzidalira sakana kuonetsa kapena kulemba; wokana wadziulula yekha. Ndipo tsiku lolandira galimoto, ndalama zisanatuluke m'thumba, atenge kamaginito, ngakhale kochokera m'sipika ya wailesi yakufa, akakulunge m'kansalu nayendetse pachitseko chokonzedwacho. Pamene pali chitsulo kamagwira. Pamene pamatidwa phala lochindikala kamagwa pansi.