Musandimvere chisoni, njingayi ndimakwera mwadala

Ku Mangochi kuno tili ndi lamulo losalembedwa lakuti munthu akaphunzira, miyendo yake ipume. Akapeza ntchito agule njinga yamoto, akakwezedwa agule galimoto, ndipo mimba ikayamba kutsogola timawomba m'manja, amvekere, "Abwanatu apeza bwino." Lamulo limeneli ine ndikulikana, ndipo ndikulikana monga munthu amene amadya za kafukufuku wa matenda a mtima.

Ntchito yanga ilibe zodabwitsa. Timayeza anthu kuthamanga kwa magazi, timawafunsa zomwe amadya, kenako ndimakhala pa kompyuta mpaka msana kuwawa. Kuntchito ndimapita pa njinga yakapalasa. Loweruka ndimawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, mwina kulowera ku Malindi, mwina kukalimbana ndi chitunda cha ku Namwera. Tsiku lina ndimatsata msewu wa ku Monkey Bay, pobwerera mwera n'kumandimenya kumaso. Ndimakondwa nazo, basi. Koma tamvani mafunso omwe amanditsatira: "Galimoto yafa kodi?" "Kapena malipiro sanatuluke?" Pa ofesi ina mlonda anandiuza kuti akabaza amadikira kunja kwa geti. Sindikumuda mlondayo. Anaphunzitsidwa ndi ife tomwe kuti ulemu umabwera pa matayala anayi.

Tiyeni tikambe za mtimawo. M'chaka cha 1953, dokotala wina wa ku Britain, Jeremy Morris, anatulutsa kafukufuku wa ogwira ntchito m'mabasi a ku London, aja osanjikiza. Madalaivala ankangokhala tsiku lonse, pomwe makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe potolera ndalama. Basi imodzi, msewu umodzi, koma mtima unkagwetsa madalaivala kwambiri kuposa makondakitala. Kuyambira pamenepo akafukufuku akhala akupeza zomwezo. Mtima ndi mnofu: ukaugwiritsa ntchito umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, mitsempha imafewa, BP imatsika. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndi theka la ola, masiku asanu. Wopalasa popita ndi pobwera kuntchito amakwanitsa osalipira jimu.

Musati ndi za azungu izi. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa n'komwe. Vutoli silipweteka. Munthu amayenda ndi BP yopitirira 140/90 kwa zaka, akuseka, akudya chambo, mpaka tsiku lomwe pakamwa papotoka, mkono n'kufa. Zikatero timathamangira kuloza chala azakhali kuti ndiwo alodza, pomwe kamakina koyezera kakanaulula mfiti yeniyeni m'mphindi ziwiri.

Ndikudziwa zomwe ena munene: "Iwe umapalasa chifukwa wakhuta. Kafunse wakabaza ngati akusangalala." Mfundo yomveka, ndipo sindiithawa. Mnyamata amene amanyamula munthu ndi thumba la ufa dzuwa la Okutobala lili pamutu sakuchita masewera, akusaka ya ndiwo. Njinga simuteteza ku fodya, ku kachasu, kapena ku mchere umene timathira m'ndiwo ngati tikusunga nsomba, chikhalirecho WHO imati tisapitirire magalamu 5 pa tsiku. Ndiponso pali matenda a mtima omwe njinga singawathetse: mwana akadwala zilonda zakukhosi osalandira penisilini, mavavu a mtima wake akhoza kuwonongeka moyo wonse. Amenewo ndi matenda a umphawi, ofunika mankhwala.

Koma taonani komwe mfundo yanuyo ikutifikitsa. Ngati wakabaza akuvutika, yankho ndi kumupatsa msewu wabwino ndi ulemu, osati kunyoza njinga. Pano amene amatiyendetsa tauni yonse ndiye amakankhidwira kumchenga ndi hutala, ngati mbuzi. Lole ikamabwera, iwe wa njinga dziwa wekha kolowera. Amene amajambula misewu amayenda pa galimoto, n'chifukwa chake saona kuti m'mphepete mwa phula mwadyeka. Tsiku limene mphunzitsi wamkulu, sing'anga wa kuchipatala ndi khansala adzayambe kupalasa, kanjira ka njinga kadzapezeka, ndikukuuzani. Bungwe la United Nations linakhazikitsa 3 Juni kukhala tsiku la njinga m'chaka cha 2018. Ife amene njinga imatinyamulira makala, odwala ndi mitembo, tikuichitira manyazi.

Pempho langa ndi laling'ono. Inu a khonsolo, pokonza msewu siyani malo a njinga. Inu a maofesi, ikani poimika njinga mkati mwa mpanda, osati kuseri kwa chimbudzi. Inu achimwene ndi achemwali a zaka 30 kupita m'tsogolo, kayezetseni BP mwezi uno, musadikire mutu kuwawa. Ndipo inu abwana amene mumaliza injini pa ulendo wokagula buledi pa golosale yapakona, njinga ija munapachika kudenga mutangolembedwa ntchito itsitseni. Matayala akungofuna mpweya.