Kalata ya Abusa kwa Odwala Ululu Wosatha ndi Olira Anzawo Amene Anadzipha



Pa 10 Seputembala chaka chilichonse, mayiko amakumbutsana za kupewa mchitidwe wodzipha. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 700,000 amadzipha pa chaka, ndipo kuno kwathu apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Ife lero mtima wathu uli pa anthu amene satchulidwa kawirikawiri: amene thupi likuwawawa usana ndi usiku, ndipo pamwamba pa ululuwo aikanso m'manda mnzawo amene anadzipha.

Wodwala msana, nyamakazi, khansa kapena sikoselo amadzuka m'mawa atatopa kale. Matenda akangoyamba, anthu amabwera kudzazonda, atanyamula kaphala ndi nthochi. Miyezi ikapita mapazi amachepa, ena nkuyamba kunong'ona kuti ndi ulesi, ena kuti analodzedwa, enanso kuti chikhulupiriro chake nchochepa. Wodwalayo amatsala ndi mnzake mmodzi womumvetsa. Tsono mnzake yemweyo akadzipha, wodwala amataya bwenzi ndi womuchirikiza nthawi imodzi, amadzifunsa kuti "ndinalephera bwanji kuona?", ndipo maganizo oipa amayamba kumuyendera iyenso. Inu amene muli pamenepa, timvereni: imfa ya mnzanuyo si mlandu wanu, ndipo kulira kwanu si kuchepa kwa chikhulupiriro.

M'madera ena maliro otere amaikidwa mothamanga, opanda nyimbo, opanda mawu a Mulungu, anamfedwa nkusiyidwa ndi manyazi. Izi zithe pakati pathu. Moyo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo sitidzasiya kuphunzitsa choncho. Koma zimene zinali mumtima mwa malemu pa ola lomaliza amazidziwa ndi Mulungu yekha. Mneneri Eliya atathawira m'chipululu anapempha kuti afe. Mulungu sanamukalipire: anamulola kugona, nkumutumizira mngelo ndi chakudya ndi madzi. Amayi a mvano, amiphakati, akulu a mpingo ndi achinyamata, pitani kusiwa, gonani kumeneko, ndipo maliro akatha musaleke kupita. Sabata zotsatira, anthu atabalalika, ndi pamene nyumba imazizira. Abambo, mawu akuti mwamuna salira atitayitsa ana ambiri.

Kwa aboma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, pempho lathu ndi ili. Ululu uli ndi mankhwala. Ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso ku Ndi Moyo ku Salima, aonetsa kuti wodwala khansa akalandira mofini ndi chisamaliro choyenera amagona tulo ndi kuyambanso kucheza ndi ana ake. Thandizo lotere lifike pa zipatala zazing'ono za kumidzi, agogo asamabwezedwe ndi panado yekha. Chimodzimodzi matenda a maganizo: chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe sizingakwanire dziko lonse, aphungu olangiza ndi anamwino ophunzira za matendawa akufunika m'boma lililonse. Kwa zaka zambiri gawo 229 la malamulo a milandu lakhala likuti woyesa kudzipha wapalamula. Dziko la Ghana linachotsa lamulo lotere mu 2023. Munthu amene wapulumuka akufunika dokotala, osati chitolokosi.

Ndipo inu amene maganizo odzipha akukubwererani, musadikire kuti kuche. Uzani m'bale, mnansi kapena mbusa lero lomwe, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Inunso amene mwauzidwa, musamusiye yekha, chotsani pafupi chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo mupite naye.

Ndife abusa anu mwa Khristu.