Msipu kuphuka sindiye kuti mudzi wachira

Pali mawu amene akhala akuyenda pakamwa ndi pa intaneti chizimireni moto wolusa wa ku Australia mu 2020. Akuti dzikolo ndi lolemera, thandizo linachita kusefukira, choncho midzi yomwe inapsa inachira kalekale, ndipo amene akudandaulabe ndi anthu osayamika. Mawu amenewa ife tikuwakana.

Moto wa 2019 mpaka 2020 unapha anthu 33, unapsereza nyumba zoposa 3,000 ndi mahekitala oposa 24 miliyoni. N'zoona kuti ndalama zinabwera. Boma linalonjeza madola a ku Australia 2 biliyoni, ndipo wanthabwala Celeste Barber anasonkhetsa madola 51 miliyoni pa Facebook. Koma ndalama yosonkhedwa ndi ina, yofika m'manja mwa wopsererwa ndi inanso. Mu Meyi 2020 khoti lalikulu la chigawo cha New South Wales linagamula kuti ndalama za Barber zigwire ntchito za gulu lozimitsa moto la Rural Fire Service basi, chifukwa thumba lomwe zinalowamo linali la gululo. Ambiri mwa osonkha ankaganiza kuti akumangira anzawo nyumba, koma lamulo silinalole.

Taganizani za Cobargo, katauni ka alimi a ng'ombe komwe moto unalowa pa 31 Disembala 2019 n'kunyeketsa masitolo a mumsewu waukulu. Amene nyumba yake yapsa amayamba wadikira kuti zigumukire zichotsedwe. Akapita kwa a inshuwalansi, amapeza kuti ndalama yake sikukwana, popeza malamulo amafuna kuti nyumba yomangidwa pafupi ndi tchire ikhale yosagwira moto msanga, ndipo yotere ndi yodula. Amisiri kumudzi ndi owerengeka. Kenaka mu Malichi 2020 kunagwa Covid-19, alendo odzaona malo n'kusiya kubwera, malonda n'kuima. Mabanja ena anagona m'makalavani ndi m'mashedi nyengo yachisanu yonse, ena mpaka zaka. Kodi amenewa ndiwo tiwatche osayamika?

Mlimi naye sachira ndi mvula yoyamba. Msipu umaphuka pa masabata ochepa, koma ziweto zinafa ndipo mipanda ya waya inagwa. N'chifukwa chake anthu odzipereka a BlazeAid, gulu lomwe linayamba pambuyo pa moto wina wa mu 2009, amakhala miyezi m'midzi akukumba maenje ndi kuzika mitengo ya mpanda umodziumodzi.

Chilonda cha mumtima ndiye chimachedwa koposa. Moto wa pa 7 Febuluwale 2009 unapha anthu 173 m'chigawo cha Victoria n'kufafaniza pafupifupi tauni yonse ya Marysville. Ofufuza a pa University of Melbourne anatsatira opulumuka kwa zaka khumi. Anapeza kuti ena anali akuvutikabe maganizo, komanso kuti amene anali m'magulu a m'dera lawo ankapezako bwino kuposa okhala paokha. Akuluakulu sananame, mutu umodzi susenza denga. Holo ya mudzi, bwalo la mpira ndi sitolo yokumanirapo anthu n'zofunika kumanganso monga nyumba zogonamo.

Choncho tisayeze kuchira poona msipu kapena powerenga ndalama zomwe zinalengezedwa pa wailesi. Mudzi wachira pamene banja lomaliza latuluka m'kalavani n'kulowa m'nyumba yakeyake. Tsikulo lisanafike, wodandaula timumvere, ndipo wothandiza asatope.