Oud Sapatsa Munthu Ulamuliro

Lachisanu lina posachedwapa, mumzikiti umene timaswaliramo kuno kwa Njewa, tinaona chinthu chimene sitikufuna kuchizolowera. Mnyamata wina wobwera kumene kuchokera ku Joni, mkanjo uli mbuu, fungo lake litafika kale pakhomo iye asanavule n'komwe nsapato, anaima pamzere wa swala. Pambali pake panadzaima bambo wachikulire wogulitsa usipa ndi utaka pamsika, amene anali atangofunditsa nsomba zake n'kuchita udhu mothamanga. Mnyamatayo anakwinya mphuno, nasendera kumbali, nasiya mpata pakati pawo. Imamu atapempha kuti mizere iwongoke ndi mipata itsekedwe, munthu wina ndiye anadzaima pampatapo. Bamboyo sanayankhule kanthu, koma anaona, ndipo ifenso tinaona.

Mafuta amene anadzola mnyamatayo ndi oud. Amene amagulitsa mafutawa pa WhatsApp, pa Facebook ndi m'masitolo a m'tauni ya Lilongwe aphunzira mawu amodzimodzi. Amati oud ndi fungo la mabwana, loyenera mwamuna wolamula, amene akalowa pakati pa anthu onse amangoti zii. Sitikukangana ndi fungolo, pakuti ndi labwino. Tikukangana ndi bodza limene alimata pabotolo, chifukwa bodzalo layamba kulowa m'mizikiti ndi m'mabanja mwathu.

Tiyambe ndi mtengo umene oud amachokerako. Dzina lake ndi Aquilaria, ndipo umamera ku Assam m'dziko la India, ku Sylhet m'dziko la Bangladesh, ku Cambodia, Vietnam, Malaysia ndi Indonesia. Ukakhala wathanzi thabwa lake ndi loyera, lopepuka, lopanda fungo. Koma ukavulazidwa, nkhungu n'kulowa pabalapo, mtengowo umatulutsa utomoni wakuda wodzitetezera, ndipo utomoniwo umalowerera m'kati mwa thunthu kwa zaka zambiri. Thabwa lodetsedwa ndi utomoni limenelo ndiye oud. Ena amalifukiza pamakala ngati lubani, ena amalitcheza n'kupeza mafuta. Alimi a masiku ano amachita kuboola mitengo dala kuti idwale. Choncho fungo limene akuti ndi la munthu wosagonja limachokera mumtengo wodwala, ndipo wogulitsa sadzakuuzani zimenezi.

Anthu anaidula mitengoyi mosasamala mpaka inayamba kutha m'nkhalango. M'chaka cha 1995 pangano la mayiko la CITES linaika mtundu wa Aquilaria malaccensis pamndandanda wa zomera zosagulitsidwa kunja popanda chilolezo, ndipo mu 2004 mayiko anagwirizana zoikapo mitundu yonse ya Aquilaria. Mafuta enieni amayezedwa pa tola, muyeso wa magalamu pafupifupi 12, ndipo tola imodzi ya mafuta abwino imagulidwa madola mazanamazana. Makampani a ku Ulaya ndi ku America anaona msika: Yves Saint Laurent anatulutsa M7 mu 2002, Tom Ford natulutsa Oud Wood mu 2007, ndipo kuyambira pamenepo dzinali lili paliponse. Tsono tidzifunse mosabisa: botolo lalikulu la chitsekero chagolide limene mwana wathu wagula pamtengo wa thumba la feteleza, muli oud weniweni wochuluka bwanji? Mabotolo ambiri otere ndi mankhwala osakaniza m'fakitale kuti afanane ndi fungolo. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tikudziwa chimene ena ayankhe. Ati Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ankakonda zonunkhira, ndipo kudzola pa tsiku la Ijumaa ndi sunna. Zoonadi, ndipo tionjezerapo: m'buku la hadisi la Imam Muslim muli nkhani yakuti Abdullah ibn Umar ankadzifukiza ndi mtengo womwewu, nanena kuti ndi mmene ankachitira Mtumiki. Oud si wachilendo m'Chisilamu. Koma sunna ya Lachisanu inaikidwa kuti amene waima pambali pathu asavutike ndi thukuta lathu. Timasamba ndi kudzola pofuna kulemekeza mnzathu ndi nyumba ya Allah. Amene wadzola kuti mnzake adzione wochepa watenga sunna n'kuiika chadodolido.

Ati Allah amakonda zokongola. Zimenezonso n'zoona, koma tiwerenge hadisiyo mpaka kumapeto. Mtumiki atachenjeza kuti kudzikweza, ngakhale kochepetsetsa, kumatsekera munthu khomo la Janna, wina anafunsa za munthu wokonda chovala chabwino ndi nsapato zabwino. Yankho linamasula chovalacho, koma linamanga zinthu ziwiri: kukana choonadi ndi kunyoza anthu. Mpata uja unasiyidwa pamzere wa swala unali kunyoza munthu. Qur'an, mu Surat Al-Qasas, imatisimbira za Qarun amene anatulukira kwa anthu ake atadzikongoletsa, ena namusirira, nthaka n'kumumeza pamodzi ndi nyumba yake. Mu Surat Luqman tate akulangiza mwana wake kuti asatembenuzire anthu tsaya monyada, ndipo atsitse mawu ake. Umenewo ndiwo mwambo wa mwamuna wa Chisilamu, ndipo ndi wosiyana kotheratu ndi chithunzi cha pabotolo.

Ati ndalama ndi zawo. Nthawi zina ndi zawodi, ndipo amene wakwaniritsa za pakhomo pake, napereka zakaat yake, agule chimene mtima wake wafuna. Koma tonse tikudziwa mmene zinthu zilili kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chochokera kunja chinakwera. Taona amuna onunkhira ngati akalonga a ku Dubai pamene kunyumba mayi akubwereka ufa kwa anansi ndipo mwana wabwezedwa kusukulu. Mwamuna woteroyo akulamula yani? Udindo umene Chisilamu chinapatsa bambo pabanja unamangiriridwa pa kudyetsa, kuveka ndi kuteteza. Amene walephera zitatuzi, fungo silingamukhalire mboni.

Ife amene tinachoka kunyanja kudzakhala kuno tiyenera kuchita manyazi kawiri. Amene anatibweretsa m'misika ya Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ndi nsomba, singano ya telala ndi geni. Fizi ya ambiri a ife inachokera m'dengu la usipa. Anansi athu Achewa, amene anatilandira ndi kutipatsa malo, amabwera pamsika manja akununkha fodya wa m'zigafa, ndipo ndalama ya fodyayo ndi imene imagula malonda athu. Mwana wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota amene lero akukwinyira mphuno fungo la nsomba akukwinyira mphuno amayi ake omubala. Ndipo Mchewa amene aona Msilamu akuyenda modzitukumula adzaweruza chipembedzo chonse ndi mayendedwe amenewo.

Makolo a kunyanja, ana anu akamaimba foni kuchokera ku Johannesburg kapena kuno ku Lilongwe, afunseni za swala, za ngongole ndi za akazi awo, musanayamikire zithunzi. Mashehe, pophunzitsa sunna ya zonunkhira phunzitsani ndi cholinga chake chomwe. Ndipo inu achinyamata amene Allah wakutsegulirani rizki, hadisi imatiuza kuti Mtumiki sankakana zonunkhira akapatsidwa, kutanthauza kuti pakati pa Maswahaba mafuta anali chinthu chopatsana. Ngati botolo lanu ndi labwino monga munenera, bwerani nalo Lachisanu likudzali, muime pakhomo la mzikiti, mudontheze padzanja la aliyense wolowa. Muyambe ndi bambo wogulitsa usipa uja, kenako mukaime naye phewa ndi phewa.

Allah ndiye Wodziwa koposa.