Chikwama chakuda si umboni wa usatana

Atsikana, tikambirane za zikwama za goth zija timazipeza pa kaunjika: zakuda bii, zamatcheni, zamazipi mbwee, zina zooneka ngati bokosi la maliro kapena mapiko a mleme. Alipo anzathu amene amazikonda, amatolera chimodzichimodzi mpaka kudzaza khoma la kuchipinda. Koma akangokwera nacho minibasi, manong'onong'o ayambika: "Wa satanic uyu."

Ife tikuti ayi. Sitayilo imeneyi ili ndi kwawo. Inakula ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pakati pa achinyamata okonda nyimbo za magulu ngati Bauhaus ndi Siouxsie and the Banshees. Ambiri ankasonkhana ku kalabu ya Batcave, yomwe inatsegulidwa ku London mu 1982. Ndi nkhani ya nyimbo ndi kavalidwe basi.

Tsono kunyoza kotereku sikuthera pakamwa. Mu 2007, ku Bacup, ku England komweko, gulu la anyamata linamenya Sophie Lancaster, mtsikana wa zaka 20, chifukwa chovala chigoth, mpaka anamwalira. Kwathu kunonso sitinaiwale January 2012, pamene mavenda ena ku Lilongwe ankavula amayi ovala mathalauza. Zimayamba ndi kuseka, kenako kumupatsa munthu dzina, mapeto ake manja.

Chikwamacho sichikukusangalatsani? Musagule, palibe akukukakamizani. Koma mwini wake musiyeni, ndalama zake ndi phewa lake. Nanunso a zikwama zakuda, osazibisa pansi pa bedi. Tulukani nazo, tizione.