Tsiku lobwerera kuchipatala silisankhidwa mwachisawawa

Inu makolo ndi mavolontiya a kwa Makhuwira, ngati mwana wanu walowa m'kafukufuku wa mankhwala a malungo, mudzapatsidwa masiku obwerera kuchipatala: la 1, la 2, la 3, la 7, la 14, la 21 ndi la 28 kuchokera tsiku limene anayamba kumwa LA. Umu ndi mmene bungwe la WHO limalangizira poyeza ngati mankhwala akugwirabe ntchito. Ambiri amati bola kufika sabata yomweyo. Sizili choncho, ndipo tsiku likaphonyedwa silibwezeka.

Tizilombo ta malungo sitichepa ngati chimanga cha m'nkhokwe chimene mumatapako ndowa imodzi tsiku lililonse. Timachepa mwa theka ndi theka. Tiyerekeze kuti m'kadontho ka magazi munali 80,000: pakapita maola angapo titsala 40,000, kenako 20,000, kenako 10,000. N'chifukwa chake akatswiri a masamu amasintha kawerengedwe, n'kumafunsa kuti theka likutha pa maola angati. Akawerenga motere, zotsatira za mwana wodzaza tizilombo ndi za mwana amene ali nato tochepa zimatheka kuziyerekeza. Theka likamatenga maola oposa 5, amayamba kukayikira kuti tizilombo tayamba kupirira mankhwala.

Masamu omwewo ndi amene amalozera masiku ofunika. Pofika tsiku la 3, LA amayenera kukhala atayeretsa magazi. Tizilombo tikaonekabe, ndiye chenjezo. Tsiku la 7 n'losiyana. Mu LA muli mankhwala awiri. Woyamba amakantha msanga n'kutuluka m'thupi pa maola ochepa, pomwe wachiwiri, lumefantrine, amatsalira masiku angapo kusesa totsala. Kuchuluka kwake m'magazi pa tsiku la 7 kumasonyeza ngati mwana analandira mlingo wokwanira. Mukabwera tsiku la 10, nambala idzatuluka ndithu, koma yosayankha funso lija.

Ubwino wake kwa mwana ndi wakuti kubaya kochepa pa masiku oyenera kumaposa kubaya kambirimbiri pa masiku olakwika. Kuno nkhani ya magazi si yamasewera. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinaphetsa anthu m'chigawo chakumwera. Choncho ofufuza, kaya ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome amene akhala zaka zambiri ku Chikwawa kapena ena, ayenera kufotokoza chifukwa cha dontho lililonse m'chilankhulo cha kumudzi. Ayeneranso kukumbukira polemba ndondomeko kuti nyengo ya dzinja mitsinje ya ku East Bank imadula msewu wa Thabwa. Inu muli ndi ufulu wofunsa, ngakhalenso wokana.

Dziko lino linasiya chloroquine mu 1993, n'kusiyanso Fansidar mu 2007, onse chifukwa tizilombo tinawazolowera. Lero zizindikiro zoti tikupirira mankhwala a gulu la LA zapezeka kale ku Rwanda, Uganda ndi Tanzania. LA akayamba kufooka kuno, tidzadziwira pa masiku omwewa.

Mavolontiya, lembani ola lenileni limene mwana wamwera mankhwala, osati limene anayenera kumwera. Ngati anasanza, lembani. Ngati anamwa wosadya, lembaninso, pakuti lumefantrine amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta monga mkaka kapena phala lotendera. Mayi akachedwa chifukwa madzi anasefukira, musasinthe deti kuti pepala lioneke bwino. Lembani tsiku limene wafikadi.